Kabokosi ka nkhungu koziziritsidwa ndi Peltier: kodi n'koyenera labu ya sukulu ya ku Dedza?

Chida chomwe tikuunika pano ndi kabokosi koonetsa njira za tizidutswa ta atomu, kamene ogulitsa pa intaneti amakatcha cloud chamber. Ndi mtundu woziziritsidwa ndi timbale ta Peltier, timbale ta magetsi tomwe timazizira mbali imodzi n'kutentha mbali inayo, wosafuna dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana). Kamabwera kosalumikiza. M'katoni mumapezeka timbale tiwiri ta Peltier ta mamilimita 40 mbali iliyonse, chitsulo chotaya kutentha chokhala ndi fani ngati cha m'kompyuta, mbale yakuda ya aluminiyamu, chivindikiro cha pulasitiki choonekera m'kati, kansalu ka felt, kamzere ka mababu a LED, kachubu ka phala lopititsa kutentha, ndi kapepala ka malangizo. Power supply mulibe, sipiriti mulibenso. Chidacho n'chabwino ndipo chisanu cha kuno chimachithandiza, koma kapepala ka malangizo kamasocheretsa pa funso lomwe ana a Fomu 3 ndi 4 salephera kufunsa akaona mizere yoyamba: kodi m'kati mwa tinthu timeneti mulinso tina?

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Felt wa pamwamba amanyowetsedwa ndi sipiriti. Pamwambapo n'pofunda, choncho sipiriti amauluka, nthunzi yake n'kumatsikira ku mbale yozizira. Pafupi ndi mbale, m'kagawo ka sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, nthunzi imachuluka kuposa mmene mpweya wozizira ungaisungire, koma imasowa pogwira kuti isanduke madontho. Kachidutswa ka chaji kakadutsa, kamathothola maelekitironi pa mamolekyulu a mpweya m'njira yake yonse, ndipo madontho amamera pa maayoni otsalawo. Mzere woyera womwe mumaona ndi madontho a sipiriti, si kachidutswako. C.T.R. Wilson anajambula mizere yotere koyamba mu 1911, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1927. Mtundu uno woonetsa mosalekeza anaupanga Alexander Langsdorf m'zaka za m'ma 1930. Mu cloud chamber ndi mmene Carl Anderson anapezera positron (mnzake wa elekitironi wa chaji ya +) mu 1932, kenako muon (kachidutswa konga elekitironi koma kolemera kwambiri) mu 1936 pamodzi ndi Seth Neddermeyer. Si choseweretsa ayi.

Ubwino waukulu wa mtundu wa Peltier kwa ife kuno ndi woti dry ice sapezeka pa boma. Kumutenga ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 pa M1, n'kumusunga usiku, ndiye kuti pofika nthawi ya phunziro wambiri wauluka. Dry ice amazizira mpaka -78°C, pomwe timbale tiwiriti timangofika cha m'ma -30°C zonse zikayenda bwino. Mizere imayamba kuoneka mbale ikatsika pansi pa -26°C kapena chapomwepo. Mpata wake ndi madigiri ochepa chabe, n'chifukwa chake cholakwika chilichonse chaching'ono polumikiza chimathera pa mbale yakuda yopanda kanthu.

Timbale tiwiriti timasanjikizana, ndipo cholakwika choyamba ndi magetsi a kambale ka pamwamba. Kapepala kamangoti lumikizani timbale ku 12V. Musatero. Ka pansi, kogundana ndi chitsulo cha fani, kapatseni 12V, koma ka pamwamba kapatseni 5V basi. Chifukwa chake ndi ichi: kambale ka Peltier kamatulutsa ku mbali yake yotentha kutentha komwe kachotsa ku mbale, kuphatikizanso magetsi onse omwe iko kadya. Kambale ka mtundu wa TEC1-12706 pa 12V kamadya mawati pafupifupi 50 mpaka 60, ndipo katundu yenseyo amagwera ka pansi, komwe sikangathe kumusenza. Zotsatira zake mbale siizizira mokwanira. Power supply ya kompyuta yakale imapereka 12V pa waya wachikasu ndi 5V pa waya wofiira. Kuti iyake popanda kompyuta, lumikizani waya wobiriwira wa pa pulagi yaikulu ndi wakuda wina aliyense. Ngati kumbuyo kwake kuli kaswitchi ka 115/230, onetsetsani kuti kali pa 230 musanalumikize kukhoma. Komwe kulibe magetsi, kapena akathima pakati pa phunziro, batire ya sola ya 100Ah imakwanitsa bwinobwino, poti chida chonse sichidya kuposa 10A. Pamenepo mufunika kachipangizo kotsitsa 12V kufika 5V kolimba mpaka 3A.

Musanamange, dziwani mbali yozizira ya kambale kalikonse. Nthawi zambiri ndi yolembedwa, koma yesani: kalumikizeni ku 5V masekondi awiri mutakagwira ndi zala, kenako chotsani. Kupitirira apo popanda chitsulo chotaya kutentha, kambale kamapsa. Phala lopititsa kutentha lipakeni mopyapyala pa malo atatu ogundana, lochepa ngati njere ya mpunga pa malo alionse, n'kuliyala ndi kakhadi. Lochuluka limatchinga kutentha m'malo mokupititsa. Masikuluwu achitsulo omwe amabwera m'katoni ndi vuto lina, chifukwa amatenga kutentha kwa chitsulo cha pansi n'kukubweretsa ku mbale yomwe mukuiziziritsa. Sinthani ndi apulasitiki, kapena ikani mawashala apulasitiki pakati. Mangani mosinthanasinthana ngodya, pang'onopang'ono. Mukamangitsa mbali imodzi, seramiki ya kambale imang'aluka ndipo siikonzeka.

Sipiriti ndiye amagwetsa ambiri. Wofunika ndi isopropyl wa 99%, yemwe okonza mafoni amatsukira mabodi. Wa 70% wa ku famase ali ndi madzi ambiri, amene amaundana pa mbale n'kuiyeretsa, mizere osaonekanso. Sipiriti wa pepo uja wa m'magolosale utoto wake umadetsa mbale. Felt amakwana ndi mamililita 5 mpaka 10: anyowe, asadonthe. Thiraninso madontho angapo pa mbale kuti ichite kunyezimira, mizere imaoneka bwino pa mdima wonyowa. Chivindikiro cha pulasitiki ndicho gawo lofooka la katoni yonse. Isopropyl amadya akiriliki pang'onopang'ono, timing'alu toyera timayamba m'mphepete, ndipo pakutha pa temu chimachita mbuu. Botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu kapena tambula yosalemba kanthu imagwira ntchito kuposa icho. Pakani Vaseline m'mphepete kuti mpweya usalowe, chifukwa kamphepo kakang'ono kamavundula kagawo kaja. Tebulo likhale lolingana, apo ayi nkhungu imayenderera mbali imodzi n'kumapotoza mizere. Sipiriti ameneyu amayaka msanga, choncho kandulo ndi Bunsen zikhale kutali.

Kuwala kulowe cham'mbali, kukwekwesa pamwamba pa mbale, mababu ali kunja kwa galasi. Chipinda chikhale chamdima. Mukayatsa dikirani mphindi 10 mpaka 15. Chizindikiro choti zatheka ndi kamvula ka timadontho tosaoneka bwino kogwa pang'onopang'ono pafupi ndi mbale. Kakapanda kubwera, gwirani chitsulo cha fani: chikatentha moti simungachigwire nthawi yaitali, vuto ndi kutaya kutentha, osati sipiriti.

Apa ndi pomwe Dedza amapindulira. Kambale ka Peltier sikadziwa ziro. Kamangotsitsa madigiri angapo kuchokera pa kutentha kwa mbali yake inayo. M'mawa wa mu June kapena July, mpweya wolowa mu fani uli wozizira kale, mbale imafika pofunika mosavuta. Masana a mu October, makamaka kumunsi ngati ku Golomoti kapena ku Bwanje, chida chomwecho chimatha kuima pa -20°C osaonetsa kanthu. Nthawi imeneyo imikani zipsepse za chitsulo m'beseni la madzi a ayisi, fani mutaichotsa, mawaya ali pouma. Pa chisanu chenicheni vuto limatembenuka: pamwamba pamazizira kwambiri moti sipiriti sauluka. Kapu ya madzi ofunda pamwamba pa chivindikiro imathetsa zimenezo.

Zooneka zili mitundu itatu. Mizere yonenepa, yowongoka, yaifupi, ya masentimita 3 mpaka 5, ndi ya alpha (phata la atomu ya helium), yochokera ku mpweya wa radon umene umatuluka m'nthaka ndi m'makoma. Miyala ya granite ngati ya m'mapiri a Chongoni imakhala ndi uranium ndi thorium pang'ono pokha, ndipo radon amachokera ku zimenezi. Mizere yopyapyala yokhotakhota ndi ya maelekitironi a mphamvu yochepa, omwe amakankhidwa uku ndi uku ndi maatomu a mpweya. Mizere yopyapyala yowongoka yodutsa mbale yonse nthawi zambiri ndi ya muon. Ma muon amabadwa pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 m'mwamba, tizidutswa ta kuthambo tikagunda mpweya. Amakhala mamayikirosekondi 2.2 okha, nthawi yongokwana mamita 660 ngakhale pa liwiro la kuwala, koma amatifika chifukwa pa liwiro lotero nthawi yawo imayenda mochedwa poyerekeza ndi yathu, monga anafotokozera Einstein mu 1905. Pa mlingo wa nyanja yamchere, muon imodzi imadutsa pa sikweya sentimita iliyonse pa mphindi. Pa boma la Dedza, mamita pafupifupi 1,600 m'mwamba, amachulukirapo. Koma musalonjeze ana mizere yaitali yambirimbiri. Ma muon ambiri amatsika chotsetsereka kuchokera kumwamba, n'kuboola kagawo kopyapyala kaja, kusiya kadontho kapena kamzere kakafupi. Yaitali ndi ya ochepa odzera cham'mbali, ndipo pa mbale yaing'ono chonchi pamafunika kudekha.

Gwero la mizere lotetezeka komanso laulere ndi baluni. Ifufumitseni, ipukuteni ndi nsalu ya ubweya, ipachikeni theka la ola m'chipinda chosungiramo katundu chomwe chagona chotseka. Chaji yake imakoka zotsalira za radon. Iphwetseni, dulani kachidutswa, ikani pambali pa mbale. Mizere imachuluka, kenako imachepa mkati mwa ola limodzi kapena awiri, poti lead-214 amatsika theka pa mphindi 27 ndipo bismuth-214 pa mphindi 20. Phunziro la half-life lili pomwepo. Ndodo ya tungsten yowotcherera ya nsonga yofiira, ya 2% thorium, imapereka alpha mosalekeza, ndipo nthawi zina mumaona mizere iwiri yochokera pamalo amodzi ngati chilembo V: radon-220 watulutsa alpha, ndipo polonium-216 wotsalayo watulutsa yake pasanathe ngakhale theka la sekondi. Ndodoyo isapalidwe, isadulidwe, ndipo isungidwe kokhoma. Chodziwitsa utsi cha m'nyumba musachiphwasule pofuna americium, chitsulo chotulutsa alpha chomwe chimakhala m'kati mwa zina.

Tsopano kapepala. Pa tsamba lomaliza pali chithunzi cha muon ngati mpira womwe ukusweka, m'kati mwake mukutuluka elekitironi ndi ma neutrino awiri (tizidutswa topepuka kwambiri topanda chaji), ndipo mawu ake akuti zimenezi ndi zomwe muon inapangidwira. Izi n'zabodza, ndipo mwana akazimeza zimavuta kuzichotsa. Muon ikatha, mphamvu yake imapanga tizidutswa tatsopano tomwe panalibe. N'chimodzimodzi ndi beta, elekitironi yotuluka m'phata la atomu: siinali kubisala m'nyutironi. Quark (kachidutswa ka m'kati mwa nyutironi) imodzi ya mtundu wa down imasanduka ya mtundu wa up, ndipo elekitironi ndi antineutrino zimabadwa nthawi yomweyo. Kapepala kamanenanso kuti mzere wa alpha ndi wonenepa chifukwa alpha ndi yaikulu. Ayi. Ndi wonenepa chifukwa alpha ili ndi chaji iwiri ndipo imayenda mochedwerapo, choncho imathothola maelekitironi ochuluka pa milimita iliyonse. Kunenepa kwa mzere sikuuza munthu chilichonse za kukula kwa kachidutswa.

Yankho lenileni ndi lokoma kuposa la pa kapepala, ndipo mizere itatu ija imalinyamula. Alpha ili ndi ziwalo: mapulotoni awiri ndi manyutironi awiri, phata la atomu ya helium. Pulotoni nayo ili ndi ziwalo. Njira yodziwira yakhala imodzi kwa zaka zoposa 100: kuwombera n'kuona mmene zowomberazo zikubwerera. Mwana akamaponya miyala ndi legeni pa mulu wa udzu, yonse imalowa. Ina ikanjanja n'kubwerera, ndiye kuti m'kati muli chinthu cholimba. Hans Geiger ndi Ernest Marsden anachita zimenezi mu 1909 ndi alpha pa kachitsulo kopyapyala, ochepa anabwerera, ndipo mu 1911 Ernest Rutherford anafotokoza kuti atomu ili ndi phata laling'ono lolemera. M'zaka za m'ma 1950 Robert Hofstadter ku Stanford anawombera mapulotoni ndi maelekitironi n'kupeza kuti pulotoni ili ndi kukula koyezeka, cha m'ma 10⁻¹⁵ mita. Mu 1968 ku SLAC, labu ya ku Stanford komweko, pa makina a makilomita atatu, maelekitironi a mphamvu yaikulu anabwerera mokhota kwambiri kuposa mmene mpira wofewa ukanawabwezera. M'katimo munali timfundo tolimba, ma quark omwe Murray Gell-Mann ndi George Zweig anali atawaganizira mu 1964. Pulotoni ili ndi up awiri ndi down mmodzi, nyutironi up mmodzi ndi down awiri, omangidwa pamodzi ndi tizidutswa totchedwa ma gluon. Chodabwitsa n'choti kulemera kwa ma quark atatuwo kumangokwana pafupifupi 1% ya kulemera kwa pulotoni. Kotsalako ndi mphamvu ya kuyenda kwawo ndi ya ma gluon.

Pa elekitironi, muon ndi quark, njira yomweyo siinapeze kanthu. Makina ogundanitsa tizidutswa a LEP ku CERN, labu ya ku Geneva, a HERA ku Hamburg, ndi LHC ya makilomita 27 ya ku CERN komweko, yomwe mu 2022 inayamba kugundanitsa mapulotoni pa mphamvu ya 13.6 TeV (TeV, GeV ndi MeV ndi miyeso ya mphamvu ya tizidutswa), onse aonetsa kuti ngati tizidutswati tili ndi kukula, n'kochepera 10⁻¹⁸ mita, kutanthauza kuchepa ka 1,000 kuposa pulotoni. Pali umboni winanso uwiri. Woyamba ndi umaginito wa elekitironi: muyeso wofalitsidwa mu 2023 ndi gulu la Gerald Gabrielse ku Northwestern University ukugwirizana ndi masamu oganizira elekitironi ngati kadontho kopanda ziwalo mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa thiriliyoni. Umaginito wa pulotoni, yomwe ili ndi ziwalo, umasiyana kwambiri ndi masamu otero, ndipo Otto Stern anaziona kale mu 1933. Wachiwiri ndi woti chinthu cha ziwalo chimatha kugwedezeka n'kulemera kwa kanthawi, kenako n'kubwerera mwakale. Atomu imatero, ndiye gwero la mitundu ya malawi; pulotoni imatero, n'kukhala kachidutswa kolemerapo kotchedwa Delta. Elekitironi yogwedezeka siinaonekepo ku LHC. Mwana wochenjera adzafunsa ngati muon, yolemera ka 207 kuposa elekitironi koma yofanana nayo chaji, siili elekitironi yogwedezeka. Funso labwino kwambiri limenelo. Zikanakhala choncho, muon ikanamabwerera kukhala elekitironi potulutsa kuwala kwa gamma kokha. Kafukufuku wa MEG ku Paul Scherrer Institute ku Switzerland wafunafuna zimenezo osaziona, ndipo waonetsa kuti ngati zimachitika, n'zosakwana kamodzi pa ma muon thiriliyoni.

Komabe nkhaniyi siinatsekedwe, ndipo si bwino kuuza ana kuti inatsekedwa. Tizidutswa topanga zinthu tilipo 12, ma quark 6 ndi ma lepton 6 (gulu la elekitironi, muon ndi ma neutrino), m'mabanja atatu ofanana zonse kupatula kulemera, ndipo palibe amene wafotokoza chifukwa chake ali atatu. Tebulo la Mendeleev la 1869 linalinso ndi kubwerezabwereza kotere, ndipo chinsinsi chake chinapezeka kuti ndi ziwalo za m'kati mwa atomu. N'chifukwa chake Jogesh Pati ndi Abdus Salam mu 1974 anaganiza za tizidutswa tozama kwambiri totchedwa preon, ndipo Haim Harari ndi Michael Shupe anapereka mitundu yawo mu 1979. Chopinga chachikulu ndi masamu a Heisenberg: kachinthu kopanikizidwa m'malo a 10⁻¹⁸ mita kamakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 200 GeV, pomwe elekitironi yonse ndi 0.511 MeV, kuchepa pafupifupi ka 400,000. Ziwalo zolemera chonchi zingapange bwanji chinthu chopepuka chotero? Pafunika mphamvu yomanga yofafaniza pafupifupi zonse, ndipo umboni wake palibe. String theory imati pansi pa zonse pali tizingwe tonjenjemera ta cha m'ma 10⁻³⁵ mita, kutali kwambiri ndi komwe makina alionse afika. Choyenera kulemba pa bolodi ndi ichi: alpha ili ndi ziwalo, pulotoni ili ndi ziwalo, ndipo pa elekitironi, muon ndi quark ziwalo sizinapezeke mpaka pa 10⁻¹⁸ mita. Tsamba la kapepala lija ling'ambeni musanapereke katoni kwa ana a kalabu ya sayansi.

Pali ziwiri zomwe chidachi chilibe. Chilibe maginito, choncho simungasiyanitse elekitironi ndi positron monga anachitira Anderson. Maginito ya neodymium yoikidwa pambali pa mbale imakhotetsa maelekitironi ofooka okha. Ma muon, a mphamvu ya ma GeV angapo, amadutsa osailabadira. Chilibenso magetsi amphamvu osesa maayoni akale, omwe amachititsa mizere kuoneka yosawala bwino. Kupukuta baluni kapena rula ya pulasitiki n'kuigundika pamwamba pa chivindikiro mphindi zingapo zilizonse kumathandiza, ngakhale nthawi ya mvula chinyezi chimachotsa chaji msanga.

Mbale ndi yaing'ono, ana anayi kapena asanu okha ndi omwe angaone bwino nthawi imodzi. Pa kalasi yaikulu, imikani foni pa sitandi cham'mbali moyang'anizana ndi kuwala, khomani focus pa mbale, jambulani kanema wa mphindi zisanu, ndipo magulu awerenge mizere ya mtundu uliwonse pa mphindi. Koma aliyense adutsepo ndithu n'kuona ndi maso ake. Sipiriti wa pa felt amatha pakadutsa mphindi 30 mpaka 40, zomwe zikukwana piriyodi imodzi.

Sukulu yomwe ili ndi mphunzitsi kapena wothandiza mu labu wodziwa kugwira multimeter ndi kuwotcherera waya igule. Yomwe ilibe, chidachi chidzangokhala m'kabati, poti malangizo ake sakwanira kufikitsa munthu pa -26°C. Poitanitsa onjezerani timbale ta Peltier tiwiri tapadera, tomatidwa ndi silikoni m'mphepete, chifukwa ndi tomwe timafa. Pakagwa ngozi, makina ena a madzi akumwa ozizira a m'maofesi, aja opanda kompuresa, amakhala ndi kambale kofanana m'kati. Pomaliza phunziro thimitsani timbale kaye, fani ipitirize mphindi ziwiri, chotsani chivindikiro, pukutani mbale ikasungunuka, ndipo musatsekere chidacho m'katoni chisanaume, chifukwa madzi olowa m'mphepete mwa kambale amadya zolumikizira zake m'kati ndipo temu yotsatira mbale siidzatsikanso pansi pa -20°C.